Kapangidwe ka nyanda: kuchokera pa khungwa la mtengo mpaka kuivala

Chaka chilichonse masukulu akamakonzekera tsiku la zachikhalidwe, kapena Ogasiti akayandikira anthu n'kuyamba kukamba za ulendo wa ku Kulamba, foni yanga sipuma. Funso limakhala lomwelo: "Akulu, nyanda ija mumaipanga bwanji?" Ndaliyankha pa WhatsApp, ndaliyankha pamsika wa pa Boma kuno ku Nkhotakota, ndaliyankha nditaima panjira njinga ili m'manja. Yankho la panjira limasiya zambiri, ndipo amene amafunsayo amabweranso patapita sabata atanyamula khungwa long'ambikang'ambika. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, mwadongosolo, kuti wofuna aziwerenga yekha.

Chimene chimandiwawa ndi ichi: ana athu akamachita sewero la makolo timawaveka ziguduli. Chiguduli ndi thumba la fakitale lonyamulira mbewu, ndipo makolo athu sankayenda atavala matumba. Anali ndi nsalu yawoyawo, yofewa, yofiirira ngati dothi la katondo, yopangidwa ndi luso lofuna mutu ndi manja. Mwana akakula akuona chiguduli amaganiza kuti agogo ake anali anthu osowa nzeru. Ine luso limeneli ndinaliphunzira kwa agogo anga aamuna, kumudzi kwathu cha kwa Mwansambo, ndipo zimene ndalemba apa ndi zimene manja anga achita kambirimbiri.

Tiyambe tamvana mawu. Nyanda, imene ena amati chiwondo, ndi nsalu ya khungwa la mtengo. Khungwa lili pawiri: lakunja, lokhakhala ndi louma lija, ndi lam'kati, lofewa, la ulusiulusi, limene timasendako luzi lomangira denga. Nyanda imachokera ku lam'katilo. Siilukidwa ngati nsalu ya thonje ayi. Imamenyedwa mpaka ulusi wake utatambasuka.

1. Dziwani kaye amene mukufuna kumuveka

Musanagwire mpeni, dzifunseni kuti chovalacho chikuimira munthu wanji, wa nthawi iti. Kuno ku Nkhotakota funso limeneli ndi lalikulu, chifukwa nsalu za kunja zinafika msanga. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika pano cha m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawoloka nyanja kulumikiza njira ya ku Kilwa. Minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo zinkapita kum'mawa, kuchokera kumeneko n'kumabwera mikanda, mfuti ndi nsalu: merikani, yoyera ya thonje yochokera ku America kudzera ku Zanzibar, ndi kaniki, yakuda mobiriwira yochokera ku India. Pamene David Livingstone ankafika kuno mu 1861 ndi 1863, nsalu zimenezi zinali kale ndalama yogulira zinthu.

Tsono ngati sewero lanu likuonetsa bwalo la Jumbe, akuluakulu a pamenepo avekeni mikanjo ndi nsalu zoyera. Nyanda ipite kwa mlimi, msodzi, mayi wa kumudzi, munthu wa kumapiri amene nsalu ya merikani inali yomutalikira. Kuveka aliyense nyanda n'kulakwitsanso mbiri.

2. Pezani mtengo woyenera, m'njira yoyenera

Mitengo iwiri ndiyo ndimaidalira: mombo ndi kachere.

Mombo umapereka nyanda yolimba, yofiirira bwino, ndipo ndi umene agogo ankakonda. Koma mombo ukausenda thunthu lonse mozungulira umauma. Mumtima mwanga sindingavomere kuti tiphe mtengo chifukwa cha sewero la tsiku limodzi, pomwe makala atimalizira kale nkhalango. Choncho khungwa la mombo litengeni pa mtengo umene wagwetsedwa kale pazifukwa zina, monga potsegula munda kapena podula milimo ya nyumba, ndipo mulitenge tsiku lomwelo usanafote. Nthambi yaikulu yowongoka imathanso kukupatsani chidutswa chabwino.

Kachere ndi wosiyana. Khungwa lake limameranso mukausamala, ndipo amaphuka ngakhale mutangozika nthambi yake pansi nthawi ya mvula. Anzathu a ku Uganda amachita zomwezi ndi mtengo wa mtundu wa kachere umene iwo amautcha mutuba: akasenda, amakulunga thunthu ndi masamba a nthochi, ndipo chaka chamawa amasendanso mtengo womwewo. Luso lawolo bungwe la UNESCO linalilemekeza mu 2005, chaka chomwe linalemekezanso Gule Wamkulu wathu. Ngati mukufuna kumapanga nyanda chaka ndi chaka, zikani akachere anu m'malire a munda lero.

Chenjezo ndi ili. Musalowe m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota kukasenda khungwa. Mombo ulimo wambiri, inde, koma kutengamo kanthu popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo kuyambira 2015 pamene a African Parks anayamba kuiyang'anira, alonda amayendera ndithu. Mulinso njovu. Kumudzi, pitani kaye kwa amfumu ndi kwa akomiti yoyang'anira nkhalango ya m'mudzi. Kachere wa pabwalo la milandu, wa kumanda kapena wa pamalo a nsembe musamuyandikire n'komwe ndi mpeni.

Sankhani thunthu kapena nthambi yosalala, yowongoka, yonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu, yopanda mphanda ndi zipsera za moto. Paliponse pamene panatuluka kanthambi padzakhala chiboo pa nsalu yanu.

3. Nyengo yake

Sendani m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka cha mu Malichi, mtengo uli ndi madzi. Nthawi imeneyo khungwa limachoka lokha ngati mukuvula malaya. Mu Juni ndi Julaye, mwera ukuwomba, limakakamira ku thunthu ndipo limatuluka zidutswazidutswa. Ofuna kuvala nyanda mu Ogasiti aipangiretu mvula isanathe. Ambiri amene amandifunsa amakhala atachedwa kale pamenepa.

4. Zida

Mpeni wakuthwa, kamtengo kosongoka mophwatalala kolowetsa pansi pa khungwa, beseni lalikulu kapena mgolo wodula pakati, chipika chosalala chomenyerapo, ndi nyundo ya mtengo.

Nyundoyo ndiyo ifuna kuikonza bwino. Ikhale ya mtengo wolemera monga muwanga. Kalipentala aliyense angakupezereni kachidutswa kotsala. Kumaso kwake kumene kumamenya, lembani mizere ndi sowo kapena tupa: mbali imodzi mizere ikuluikulu yotalikirana, mbali inayo ing'onoing'ono yothithikana. Mukatha, ikwecheni kuti pasakhale msonga yakuthwa. Hamala yachitsulo musayese, imadula ulusi. Chipika nacho chikhale chopanda khungwa, chopanda ming'alu, ndipo chigone pansi osagwedera.

5. Kusenda

Chekani mozungulira kumtunda, chekaninso mozungulira kumunsi, kenako mzere umodzi wowongoka wolumikiza malo awiriwo. Utali wake ukhale wa nsalu imene mukufuna, n'kuwonjezerapo chikhatho chimodzi, chifukwa nyanda pomenyedwa imakula m'lifupi koma m'litali imabwerera pang'ono. Lowetsani kamtengo kanu pamzerewo n'kumakankha pang'onopang'ono, mbali iyi kenako inayo, mpaka khungwa litachoka lathunthu.

Pa kachere wamoyo mpeni usalowe mpaka kukanda mtengo weniweniwo, chifukwa kachikopa koterera kamene kamatsala pathunthu ndi kamene kamabereka khungwa latsopano. Mukangosenda, kulungani thunthulo ndi masamba aawisi a nthochi, mumange ndi luzi, akhalepo masiku angapo kuti dzuwa ndi mphepo zisaliumitse. Utomoni woyera wa kachere umamata ndipo umawawa m'maso, ndiye musadzipukute kumaso ndi manja amenewo.

6. Kupala ndi kunyika

Yalani khungwalo pansi, lakunja lili pamwamba. Lipindeni chagada pang'ono kuti lakunjalo lithetheke, kenako palani ndi mpeni mougoneka, motsata utali. Palani mpaka zonse zakuda ndi zobiriwira zitatha. Kachigamba kalikonse ka khungwa lakunja kamene mwasiya kadzalowa m'nsalu pomenya, ndipo kadzakanda wovalayo tsiku lonse. Koma musapalenso mopyola mpaka kudya ulusi. Ena amapala mtengo usanasendedwe, ndipo pa kachere njira imeneyo ndi yosavuta.

Mukatha, nyikani m'madzi. La kachere, usiku umodzi ndi wokwanira. La mombo, lomwe ndi louma mtima, masiku awiri kapena atatu, mukusintha madzi tsiku lililonse kuti lisanunkhe. Madziwo adzafiira ngati tiyi, musadabwe. Agogo ankanyika kumtsinje atatsindika ndi mwala, koma inu nyikirani m'beseni pakhomo. Mu Bua muli ng'ona, ndipo madzi odikha a m'mabango ndi kwawo kwa likodzo.

7. Kumenya

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ofotokoza ambiri amangoti "kenako mumenye mpaka ifewe" n'kudumpha. Nyanda zambiri zimafera pamenepa.

Choyamba mvetsani chimene mukuchita. Ulusi wa khungwa unagona motsata utali wa mtengo, wothithikana ngati mtolo wa udzu. Nyundo ntchito yake ndi kuumwaza ulusiwo cham'mbali, kuti utalikirane koma usalekane. Mukamenya mwamphamvu kwambiri mumaudula. Mukamenya pamodzimodzi mumaboola. Nkhonya za mnyamata wofuna kuonetsa mphamvu sizipanga nyanda. Lolani kulemera kwa nyundo kugwire ntchito, dzanja lizingoikweza ndi kuilondolera.

Chotsani khungwa m'madzi, mulifinye kuti lisamadonthe. Liyaleni mopingasa pachipika, mbali yam'kati ili pamwamba. Yambani ndi kumaso kwa mizere ikuluikulu, ndipo mizereyo igone motsata ulusi, osati moudula. Menyani mzere umodzi kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete inayo, pomenya paliponse pakupsompsona pamene mwamenya kale. Mukafika kumapeto, kokerani khungwa kwa inu pang'ono, muyambe mzere wina. Pitirizani chomwecho mpaka utali wonse. Tembenuzani, muchitenso chimodzimodzi kuseri.

Ulendo woyambawu suoneka ngati mwachita kanthu. Khungwa limangofewa pang'ono n'kutulutsa madzi. Ambiri amataya mtima apa n'kuyamba kulikwapula. Musatero. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa ulendo wachiwiri ndi wachitatu mudzaona likuyamba kufutukuka.

Likafika popyapyala ngati chikopa cha mbuzi, musalimenyenso lili lokha, chifukwa tsopano nyundo ikumana ndi chipika n'kulitsina pakati. Lipindeni pawiri, mumenye. Kenako panayi, mumenyenso. Pamenepa sinthani nyundo, mugwiritse kumaso kwa mizere ing'onoing'ono, ndipo dzanja lipepuke. Kupinda kumachititsa kuti nsalu izidzitchinjiriza yokha. Koma pali misampha iwiri. Woyamba: mukamenya nthawi yaitali osafunyulula, mapindowo amamatana, ndipo powalekanitsa amang'ambika. Muzifunyulula pafupipafupi. Wachiwiri: mzere wa popindapo ukamenyedwa kawirikawiri umadukiratu. Pomenya siyani kampata pang'ono pamzerepo, ndipo popindanso musunthe kuti mzere ugwere pena.

Chinyezi muziyang'anira nthawi yonse. Louma limalira mokakala pansi pa nyundo ndipo timaulusi timayamba kudzuka ngati tsitsi. Wazani madzi ndi zala, mudikire pang'ono alowerere. Lonyowa kwambiri limathovoka madzi n'kuyamba kusanduka phala. Liyanikeni pamthunzi kanthawi. Menyerani pansi pa mtengo, osati padzuwa.

Khutu lidzakuthandizani kuposa diso. Poyamba nyundo imalira kuti kho! kho! ngati mukukhoma mtengo. Nsalu ikamapsa, kulirako kumasintha, kumakhala phu, phu, kofatsa. Ndimakumbukira agogo atakhala pakhonde, ine ndikumenya kuseri kwa nkhokwe, osandiona n'komwe, akungoitana kuti, "Iwe, pamenepo pakwana, sunthira kutsogolo." Ankamva ndi khutu kuti ndakhalitsa pamodzi. Nyanda yanga yoyamba ndinaiboola malo asanu chifukwa chosawamvera, ndipo anandikhazika pansi kuti ndisoke chiboo chilichonse ndekha ndisanapatsidwe khungwa lina.

Pakatipakati imani, muitane mnzanu. Wina agwire mbali iyi, wina inayo, mukoke m'lifupi mofatsa, mukusuntha manja kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Kenako muipotokole ngati mukufinya chitenje chochapa, muitambasule. Ikwezeni moyang'anitsa kudzuwa: pamene pakuoneka mdima m'pokhuthala, pakufunika nyundo, pamene kuwala kukudutsa kwambiri musapakhudzenso. Pozungulira chiboo cha kanthambi menyani mopepuka kwambiri, apo ayi chimakula ngati pakamwa pa mtsuko.

Mudzadziwa kuti yatha ikamagwa yokha pa mkono ngati bulangete lopepuka, ndipo mukaifumbata m'manja n'kuisiya siithyoka. Kwa ine, khungwa la chikhatho chimodzi m'lifupi limatuluka zikhatho zitatu, la kachere nthawi zina zinayi. Chidutswa chotalika ngati manja otambasula chimandidyera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mdima ukakupezani musanamalize, ikulungeni m'masamba a nthochi, mudzapitirize mawa.

8. Kuyanika, kufewetsa ndi mtundu wake

Yalani pa udzu wouma kapena pamphasa, mutsindike m'mphepete ndi miyala yoyera kuti isakwinyike. Dzuwa limaifiiritsa, ndiye mukafuna yofiira kwambiri ikhalitse padzuwa, mukafuna yotuwirako iumire pamthunzi. Ikauma imalimba ngati chikopa chosafufuta. Musade nkhawa. Iwazeni madzi pang'ono, kapena muisiye panja itole mame a m'mamawa, kenako muifikise m'manja mbali ndi mbali mpaka ifewe. Agogo ankapakako timafuta ta nsatsi pang'ono, ndipo ine ndimachitabe zomwezo: madontho ochepa m'zikhatho, n'kusisita. Mukachulutsa imagwira fumbi.

Mukafuna yakuda, ikwirireni m'matope akuda a kudambo tsiku limodzi kapena awiri, kenako muitsukuluze. Madzi owawa a m'khungwa, omwe aja anafiiritsa beseni lanu, akakumana ndi chitsulo cha m'matopemo amada bii, ndipo mtunduwo suchoka. Penti wa m'chitini ndi polishi wa nsapato zisayandikire.

9. Kusoka

Chidutswa chimodzi sichikwana munthu wamkulu, ndiye mudzalumikiza ziwiri kapena zitatu. Ulusi upangeni kuchokera ku luzi lomwelo: ng'ambani timizere topyapyala, munyowetse, mupote tiwiri pantchafu. Kumene kuli bwazi, ulusi wake ndi wolimba koposa. Ulusi wa nayiloni umadula nyanda pang'onopang'ono, ndipo umawala pa chithunzi n'kuulula zonse.

Sanjikizani m'mphepete mwa zidutswazo chala chimodzi, ulusi wa zonse ukuyang'ana kumodzi. Boolani ndi singano yaikulu, ngakhale yosokera matumba ija, ndipo musasoke pafupi kwambiri ndi m'mphepete kapena mothithikana, chifukwa tiziboo tikayandikana timasanduka mng'alu. Paziboo ikani zigamba zochokera ku khungwa lomwelo. Zigamba musachite nazo manyazi, nyanda yeniyeni imakhala nazo. M'mphepete musapinde ngati atelala, ingodulani mowongoka.

10. Kavalidwe

Nyanda si yoti mudulemo malaya a manja ndi kolala. Imakulungidwa. Mwamuna amaidutsa pakati pa miyendo n'kuipachika pa chingwe cha m'chiuno kutsogolo ndi kumbuyo, kapena kuizunguliza m'chiuno, kapena kuimanga mfundo paphewa limodzi ngati ndi wamkulu. Mayi amaizunguliza m'chiuno kapena kudutsa m'khwapa ngati chitenje, n'kumanga ndi kachingwe. Pomanga mfundo nyowetsani msonga zake kuti zisathyoke. Ana asukulu avale kabudula kapena kamisolo mkati, ndipo ayeserere kuvina atavala tsikulo lisanafike, muone pamene pakukoka.

11. Kujambula ndi kuonetsa ena

Ndimalimbikitsa aliyense wopanga nyanda kuti ajambule n'kuika pa Facebook kapena TikTok, chifukwa achinyamata ali kumeneko, ndipo ambiri mwa iwo sanaionepo ndi maso. Koma musangoonetsa chovala chomaliza. Jambulani manja akupala, akumenya, akupota ulusi. Foni itsamiritseni pa chinthu chosagwedera, pafupi ndi chipika, m'mawa kapena madzulo kuwala kuli kofatsa. Musaphimbe kanemayo ndi nyimbo. Kulira kwa nyundo kuja ndi phunziro palokha, ndipo wofuna kuphunzira ayenera kumva pamene kho akusanduka phu.

Lembani zoona: mtengo wanji, munaupeza bwanji, mwezi uti, zinatenga masiku angati. Mukangoonetsa nsalu yokongola osanena kuti munatenga pa mtengo wogwetsedwa kale, wina adzapita kukasenda mombo wamoyo chifukwa cha inu. Ngati pena mwagwiritsa chida chamakono, nenani. Ngati mwajambula agogo amene akukuphunzitsani, apempheni kaye, muwaonetse kanemayo asanatuluke, ndipo muwatchule monga mwini luso ngati iwo avomera. Zovala za Gule Wamkulu ndi zonse za kudambwe zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Nyanda imene ndikukamba pano ndi chovala cha tsiku ndi tsiku, ndipo kamera yanu ilekezere pamenepo. Wofuna kuona zambiri za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao zosungidwa mwaulemu apite ku Mua, ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Kuchokera ku Salima ndi ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwerera.

12. Kusunga

Nyanda siichapidwa ndi sopo, ndipo siipikitsidwa pamwala. Ikada, ikutumuleni fumbi, mupukute ndi kansalu konyowa, muiyanike pamthunzi. Posunga musaipinde ngati chitenje, chifukwa imathyokera m'mapindo. Ikulungeni pa nsungwi ngati mphasa. Musaiike m'pepala la pulasitiki, muno m'mbali mwa nyanja chinyezi n'chambiri ndipo imachita chuku sabata imodzi yokha. Ipachikeni m'mwamba, kutali ndi khoma kumene chiswe chimakwera. Agogo ankaika zawo kudenga la khitchini kumene kumafika utsi pang'ono, ndipo tizilombo sitinkayandikira. Mwezi uliwonse wa dzinja muziitsitsa, muifunyulule, ione dzuwa la m'mawa kwa ola limodzi, kenako muibwezere.